Vimal Govind ndi loboti yotsika m'dzenje la suweji

Lero tiyeni tipite ku India, ku dera lotchedwa Kerala, tikaone mnyamata wina amene anapanga loboti. Ndikati loboti sindikunena magetsi a pamsewu aja oimitsa magalimoto ayi. Ndikunena makina amene amagwira ntchito imene munthu akanagwira ndi manja ake. Mnyamatayu dzina lake ndi Vimal Govind, ndipo loboti imene anapanga ndi anzake atatu anaitcha Bandicoot. Ntchito yake ndi imodzi basi, kutsika m'dzenje la suweji n'kukavuula zonyansa zimene zatseka mapaipi. Dzenje limenelo lili ndi mbiri yaitali kuposa ya lobotiyo, ndipo munthu sangamvetse chimene Vimal anachita, ngakhalenso chimene sanathe kuchita, asanadziwe kuti amene ankatsikamo kale anali ndani.

Tiyambire pa 26 Novembala 2015, mumzinda wa Kozhikode. Amene munaphunzira za maulendo a Apwitikizi mumaudziwa mzindawu ndi dzina lakuti Calicut, kumene Vasco da Gama anakafika mu 1498. Tsiku limenelo amuna awiri ochokera ku Andhra Pradesh anatsegula chivundikiro cha dzenje la suweji pamsewu wina wa pakati pa tauni. Anakomoka m'dzenjemo onse awiri. Pafupi pomwepo panali bambo wina dzina lake Noushad, woyendetsa kagalimoto ka matayala atatu konyamula anthu, ndipo anali ataima kuti amweko tiyi. Atamva anthu akukuwa anathamangira komweko kuti akawapulumutse. Sankawadziwa n'komwe anthuwo. Onse atatu anawatulutsa atafa.

Aphunzitsi a sayansi andikhululukire polowa m'munda mwawo, koma m'pofunika tidziwe chimene chimapha m'maenje amenewa. Zonyansa zikamavunda m'malo otsekeka zimatulutsa mipweya ingapo. Wina ndi methane, umene umayaka moto komanso umachepetsa mpweya wabwino umene timapuma. Woopsa kwambiri ndi hydrogen sulphide, uja wonunkha ngati mazira owola. Mpweya umenewu ndi wachinyengo. Ukakhala wochepa umanunkha kwambiri, koma ukachuluka umapha mphuno, munthu n'kusiya kumva fungo, n'kumaganiza kuti m'dzenjemo muli bwino. Ukachuluka zedi, kupuma kamodzi kapena kawiri kokha munthu wagwa. Komanso ndi wolemera kuposa mpweya wamba, choncho umadikha pansi penipeni pamene wogwira ntchito amaima. N'chifukwa chake imfa za m'suweji sizibwera imodzi. Woyamba akagwa, wachiwiri amatsika kukamutenga, wachitatu n'kutsatira awiriwo.

Nkhani ya Noushad inagwedeza Kerala yense. Pakati pa amene inawakhudza panali gulu la ophunzira a pa MES College of Engineering ku Kuttippuram, m'boma la Malappuram, lomwe ndi loyandikana ndi Kozhikode. Anali Vimal Govind, Rashid K, Arun George ndi Nikhil N.P. Tibwereranso kwa iwo. Poyamba tifunse funso limene anthu ambiri sanalifunse masiku amenewo. Dzina la wopulumutsa linadziwika paliponse, ndipo linayeneradi kudziwika. Nanga amuna awiri aja, anachoka kwawo makilomita mazanamazana kudzatsika m'dzenje la mzinda wa eni chifukwa chiyani?

Ku India munthu amabadwira m'gulu, ndipo kuyambira kale gulu lakelo ndi limene linkanena ntchito imene adzagwire, munthu amene adzamange naye banja, ngakhalenso chitsime chimene angatungepo madzi. Dongosolo limeneli amalitcha caste. Musalisokoneze ndi mtundu monga timanenera ife kuti uyu ndi Mlomwe, uyu ndi Mtumbuka. Anthu a magulu osiyana akhoza kukhala mudzi umodzi n'kumayankhula chinenero chimodzi, koma wina ali pamwamba, wina pansi, ndipo wapansiyo sangakwere ngakhale atalemera. Pansi pa onse panali anthu amene ankatengedwa kuti ndi odetsedwa, osayenera kuwakhudza. Masiku ano amadzitcha okha kuti Dalit, kutanthauza anthu osweka kapena oponderezedwa. Ndipo pakati pa a Dalit omwewo, otsika kwambiri anali amene ntchito yawo inali kuchotsa chimbudzi cha anthu ena. Kumpoto ambiri mwa iwo amatchedwa Valmiki, ku Tamil Nadu kuli a Arunthathiyar, ndipo madera ena ali ndi mayina awo.

Chimbudzi chimene tikunena pano sichinali chokumba ngati cha kumudzi kwathu, chimene chikadzaza timakwirira n'kukumba china. Chinali kachipinda kopanda dzenje ndi kopanda madzi. Munthu amadzithandiza pansi kapena m'chidebe, n'kuchokapo. M'mawa kumabwera munthu wina, kawirikawiri mzimayi, kulowera kukhomo la kuseri ndi tsache ndi kachitsulo kopalira. Amawola zonsezo n'kuika m'dengu, kusenza pamutu, kukataya kunja kwa mudzi. Mvula ikamagwa dengu lija limadontha, ndipo sindikufunika kukuuzani kumene limadonthera. Malipiro ake nthawi zambiri anali mkute ndi zovala zakutha. Mwana wamkazi ankalandira dengu kwa mayi ake, kapena kwa apongozi ake akakwatiwa.

Angelezi sanayambitse mchitidwe umenewu, koma anaupatsa ofesi ndi malipiro. Pamene ankamanga makampu a asilikali, njanji, migodi ndi makhonsolo a m'matauni, anafuna anthu ochotsa zonyansa, ndipo analemba ntchito anthu a magulu omwe aja. Chimene chinali mwambo wa m'mudzi chinasanduka ntchito ya boma, yokhala ndi kaundula ndi kapitao. Mabanja ena anasamutsidwa kupita ku madera akutali kukagwira ntchito yomweyo.

Atsogoleri awiri akuluakulu a nthawi yomenyera ufulu anasiyana maganizo pa nkhaniyi. Mahatma Gandhi ankakolopa yekha zimbudzi ndipo ankakakamiza omutsatira kuti azitero. Iye ankati ntchitoyi ndi yolemekezeka, cholakwika ndi kunyoza amene amaigwira. B. R. Ambedkar, amene anabadwa m'banja la Dalit ndipo anaphunzira mpaka ku New York ndi ku London, sankafuna kumva zimenezo. Kwa iye kutamanda ntchito imene munthu sanasankhe kunali kumumangirira pomwepo ndi chingwe chofewa, ndipo ankauza anthu ake kuti aisiye. Mu 1927 anatsogolera khamu la anthu ku Mahad kukamwa madzi pa dziwe la anthu onse limene a Dalit ankaletsedwa kutungapo. Ine pa mkangano umenewu ndili kumbali ya Ambedkar. Gandhi ankatha kutula tsache tsiku limene wafuna. Mayi wa dengu uja analibe tsiku lotero.

Tsopano pali buku lina limene limandipatsa maganizo kwambiri ndikamaona loboti ya Vimal. Mu 1935 Mulk Raj Anand anatulutsa nthano yotchedwa Untouchable, yofotokoza tsiku limodzi la mnyamata wokolopa zimbudzi dzina lake Bakha. Chakumapeto kwa bukulo mnyamatayu amamva njira zitatu zimene zingamumasule. Yoyamba ndi kulowa Chikhristu, yachiwiri ndi chiphunzitso cha Gandhi, ndipo yachitatu ndi makina, kutanthauza chimbudzi chogejemula, chimene madzi amakokolola okha zonyansa popanda dzanja la munthu. Bakha amabwerera kwawo akuganizira za makinawo. Ndiye kuti kale mu 1935 anthu anali atayamba kuyembekeza kuti chitsulo chidzachita chimene mtima wa munthu unakana kuchita. Ku Kerala komweko, mu 1947, Thakazhi Sivasankara Pillai analemba buku la m'chinenero cha Malayalam lotchedwa Thottiyude Makan, kutanthauza mwana wa wochotsa zonyansa, lonena za mibadwo itatu ya banja limodzi mumzinda wa Alappuzha.

Makina a Bakha aja anabweradi. Matauni anaika zimbudzi zogejemula, nyumba zinalumikizidwa ku mapaipi, mapaipi analowa pansi pa misewu. Koma paipi imatsekeka. Mumalowa mchenga, mapulasitiki, nsanza, mafuta a m'makhitchini ndi zinyalala za omanga nyumba. Ikatsekeka pamafunika wina atsegule chivundikiro n'kutsika. Mukuganiza kuti anatumidwa ndani? Ana a amayi a madengu aja. Ntchito sinathe, inangochoka kuseri kwa nyumba n'kupita pansi pa msewu, ndipo inachoka kwa akazi n'kufikanso kwa amuna. Bambo amavula n'kutsala ndi kabudula, kumanga chingwe m'chiuno, kutenga chidebe ndi ndodo yachitsulo. Ena amayamba aponya kamtengo ka machesi koyaka kuti aone ngati muli mpweya woipa. Ambiri amamwa mowa asanatsike kuti apirire fungo. Dengu linkapha pang'onopang'ono ndi matenda ndi manyazi, pamene dzenje limapha pa mphindi zochepa.

Malamulo sanasowe. Malamulo oyendetsera dziko la India, amene komiti yowalemba inatsogozedwa ndi Ambedkar yemweyo, anayamba kugwira ntchito pa 26 Januwale 1950, ndipo gawo 17 linathetsa mchitidwe wotenga munthu ngati wosayenera kumukhudza. Mu 1993 nyumba ya malamulo inaletsa kumanga zimbudzi zopanda madzi zija ndi kulemba munthu ntchito yozichotsa. Chilango chake chinali kundende mpaka chaka chimodzi kapena chindapusa cha ma rupee 2,000. Lamuloli linagona m'mabuku. Kalembera wa 2011 anapezabe zimbudzi pafupifupi 794,000 zimene zinkachotsedwa ndi manja a anthu. Komanso lamulo la 1993 silinakhudze za munthu wotsika m'suweji. Zimenezo zinadzalowa m'lamulo latsopano la 2013, ngakhale nalonso linasiya khomo lotsegula: linaletsa kutsitsa munthu m'dzenje popanda zovala zodzitetezera. Kontilakitala wochenjera amangomva kuti akapereka magolovesi ndi kansalu kakukamwa wathana nazo.

Amene anachititsa kuti malamulowa asamangogona ndi Bezwada Wilson. Anabadwa mu 1966 ku Kolar Gold Fields ku Karnataka, tauni ya migodi ya golide kumene makolo ake ankagwira ntchito yochotsa zonyansa. Iye anapita kusukulu, koma atapita ku ofesi yopezera anthu ntchito anapeza kuti amulembera ntchito ya makolo ake, chifukwa cha gulu limene anabadwira. M'zaka za m'ma 1990 iye ndi anzake anayambitsa bungwe la Safai Karmachari Andolan. Ankayenda tauni ndi tauni kujambula zimbudzi zimene boma linkati kulibe, kuwerenga anthu amene boma linkati kulibe, ndipo amayi ankasonkhana n'kutentha madengu awo poyera. Mu 2003 anakasuma ku khothi lalikulu la dzikolo. Chigamulo chinatuluka pa 27 Malichi 2014, patatha zaka 11, ndipo chinalamula kuti banja la aliyense amene anafera m'suweji kuyambira 1993 lilandire chipukuta misozi cha ma rupee 1 miliyoni. Mu Disembala 2015, patangopita milungu iwiri chichitikire ngozi ya ku Kozhikode, bungweli linayamba ulendo wa pa basi wa masiku 125 kuzungulira dziko lonse, uthenga wake uli wakuti lekani kutipha. Wilson analandira mphoto ya Ramon Magsaysay mu 2016.

Ndatenga nthawi pa zonsezi dala. Nkhani za opanga zinthu zatsopano timakonda kuzifotokoza ngati kuti mnyamata wanzeru anadzuka m'mawa wina n'kuona vuto limene aliyense sanalione. Apa sizinali choncho. Pamene Vimal ndi anzake ankafika, panali patadutsa zaka zambiri anthu akulemba mabuku, akusuma milandu ndi kutentha madengu. Makhonsolo anali atayamba kuopa khothi, ndipo imfa iliyonse inali ndi mtengo wake wolembedwa. Popanda zimenezo sindikukhulupirira kuti pakanapezeka wogula loboti yotere, pakuti munthu wa chingwe m'chiuno anali wotchipa kuposa makina alionse.

Tibwerere ku Kuttippuram. Vimal ankaphunzira uinjiniya wa makina, ndipo chimene chinkamusangalatsa iye ndi anzake pa nthawiyo sichinali suweji ayi. Chinali chovala chachitsulo ngati cha mu filimu ya Iron Man. Anapanga chimakina chachitali chimene munthu amalowamo, n'kumasuntha manja ndi miyendo yachitsulo pogwiritsa ntchito yake, kuti anyamule katundu amene sakanamutha yekha. Ankaganiza kuti chingathandize asilikali ndi ogwira ntchito m'mafakitale. Manyuzipepala anawajambula, anthu anaomba m'manja, koma ndalama zopitirizira panalibe. Atamaliza koleji anabalalika, aliyense kukafuna ntchito yolipidwa pa mwezi, monga amachitira ana athu ambiri amene ku sukulu ankaoneka kuti adzagwedeza dziko.

Aphunzitsi anzanga, chidole chimenechi tisachipeputse. Pomanga chovala cha Iron Man anyamatawa anaphunzira m'mene mfundo yachitsulo imapindikira, m'mene mpweya wopopedwa umakankhira mkono, ndi m'mene dzanja la munthu lingalamulire dzanja la makina. Zonsezi anadzazigwiritsa ntchito m'dzenje. Mwana amene akupanga galimoto ya mawaya kumbuyo kwa kalasi sitidziwa kuti luso lakelo lidzatera pati.

Mu 2017 boma la Kerala linawaitana. Kerala ndi dera limene limanyadira sukulu zake, moti pa kalembera wa 2011 anthu 94 pa 100 alionse ankadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo zithunzi za amuna ali m'zonyansa mpaka m'khosi zinkachititsa manyazi atsogoleri ake. Kudzera ku Kerala Startup Mission, bungwe la boma lothandiza makampani ongoyamba kumene, anyamatawa anafunsidwa ngati angapange makina olowa m'dzenje m'malo mwa munthu. Anasiya ntchito zawo n'kukakhazikitsa kampani yotchedwa Genrobotics mumzinda wa Thiruvananthapuram, likulu la Kerala. Vimal ndi amene anakhala mkulu wa kampaniyo. Onse anali asanakwanitse zaka 30.

Vuto limene anakumana nalo linali losavuta kulinena koma lovuta kulithetsa. Dzenje la suweji Angelezi analitcha manhole, kutanthauza dzenje la munthu, ndipo linamangidwadi poyezera thupi la munthu. Kukamwa kwake n'kopapatiza, mongokwanira mapewa, koma pansi n'potambalala. Ndiye makina ayenera kulowa atadzipinda, akafika pansi n'kudzitambasula. Maenjewo si ofanana kukula, pakuti anamangidwa zaka zosiyana ndi anthu osiyana. Muli mdima, muli madzi, muli mpweya umene umadya chitsulo, ndipo kamoto kakang'ono kochokera ku waya wa magetsi kakhoza kuphulitsa dzenje lonse. Anyamatawa anayenera kupita kukaima m'mphepete mwa maenje n'kumaonerera amene amadziwa ntchitoyi, kuti aone m'mene munthu amaimira, m'mene amapalira m'makona ndi m'mene amadzazira chidebe. Aphunzitsi awo enieni pa gawo limeneli anali anthu amene ambiri a iwo sukulu sanapite nayo patali.

Bandicoot ili ndi zigawo ziwiri. Chapamwamba ndi chimango cha matayala chimene amachikankha n'kuchiimika pamwamba pa dzenje. Chimenechi chimanyamula chivundikiro, chomwe pachokha n'cholemera moti chathyola misana ya anthu ambiri, ndipo chili ndi sikirini ndi mabatani. Chachiwiri ndi chimene chimatsika pa chingwe. Chikalowa chimatambasula miyendo inayi ngati kangaude n'kudzigwiriza kuti chisagwedezeke. Chili ndi mkono umene umazungulira mbali zonse, umene umapala matope ndi kutola zinyalala n'kumaika m'chidebe, chidebecho n'kukwezedwa pamwamba. Pali makamera osalowa madzi otha kuona mumdima, ndiponso tizipangizo tonunkhiza mpweya woipa n'kuchenjeza. Poopa moto, ziwalo zake anazipanga zoyenda ndi mpweya wopopedwa. Woyendetsa amaima pamsewu, atavala bwinobwino, n'kumaona zonse pa sikirini.

Dzina lakenso lili ndi kankhani. Ku India bandicoot ndi chikhoswe chachikulu chimene chimakhala m'ngalande ndi m'masuweji. Mawuwa Angelezi anawatenga ku chinenero cha Telugu, m'mene amatanthauza khoswe wonga nkhumba. Telugu ndi chinenero cha ku Andhra Pradesh, kwawo kwa amuna awiri aja amene anafera ku Kozhikode.

Mu Febuluwale 2018, kampani isanathe chaka, nduna yaikulu ya Kerala, Pinarayi Vijayan, anakhazikitsa lobotiyi ku Thiruvananthapuram, ndipo bungwe loona za madzi la Kerala Water Authority linayamba kuigwiritsa ntchito. Chaka chomwecho inafika ku Kumbakonam ku Tamil Nadu. Pa 2 Okutobala 2018, tsiku lokumbukira kubadwa kwa Gandhi, mtundu wachiwiri wa lobotiyi unaonetsedwa ku New Delhi pamaso pa nduna yaikulu ya dziko lonse Narendra Modi ndi mlembi wamkulu wa United Nations António Guterres. Kenako kunabwera a ndalama. Anand Mahindra, mkulu wa kampani yopanga magalimoto ndi mathalakitala, anaikamo ndalama zake mu 2020, ndipo kampani ya Zoho inaikamo ma rupee 200 miliyoni mu 2022. Chovala cha Iron Man chija nachonso sichinafe. Chinabwerera ngati makina otchedwa G Gaiter, ophunzitsanso kuyenda anthu amene anafa ziwalo.

Mwambo umene umandikhudza kwambiri ndi wa mu Febuluwale 2023 ku Guruvayur. Tauni imeneyi ili ndi kachisi wotchuka wa Chihindu, ndipo mu 1931 ndi 1932 kunali zionetsero zazikulu, motsogozedwa ndi K. Kelappan, zofuna kuti anthu a magulu apansi aziloledwa kulowamo. Zitseko zinadzatseguka kwa onse mu 1947. Patatha zaka 76, m'tauni yomweyo, boma la Kerala linapereka Bandicoot n'kulengeza kuti lakhala dera loyamba ku India kugwiritsa ntchito maloboti m'maenje ake onse a suweji amene akugwira ntchito. Pamalo pamene agogo ankamenyera ufulu wolowa, zidzukulu zinkalonjezedwa ufulu wosalowa. Mwezi womwewo nduna ya zachuma ya India, Nirmala Sitharaman, polengeza bajeti, inanena kuti matauni onse athandizidwa kuti maenjewa azitsukidwa ndi makina okhaokha.

Chinthu chimodzi chimene Vimal ndi anzake anachiganizira bwino ndi funso lakuti loboti iziyendetsedwa ndi ndani. Makina akabwera, wosauka ndi amene amayamba kutaya ntchito, ndipo ntchito yoipa ikatha njala siitha nayo. Iwo anakonza zoti anthu omwe ankatsika m'maenje aphunzitsidwe kuyendetsa lobotiyo, n'chifukwa chake mabatani ake anawapanga osavuta. Bambo amene ana ake ankabisa ntchito yake kusukulu tsopano akhoza kunena kuti amayendetsa makina. Si chinthu chaching'ono chimenecho. Komabe ena amafunsa, ndipo ine ndikuona kuti funso lawo ndi lolemera: ngati woyendetsa loboti ya suweji ali mwana wa wotsika m'suweji, amenenso anali mwana wa mayi wa dengu, kodi chingwe chija chaduka kapena changotalika? Ambedkar sankapempha tsache labwino. Ankafuna kuti mwana wa wosesa akhale loya, ndipo suweji ikhale ntchito imene munthu wa gulu lililonse angaifunsire.

Palinso malire a makinawo paokha. Bandicoot inapangidwira maenje a m'misewu ya m'tauni, pamene anthu ambiri amafera m'matanki a zonyansa a m'nyumba, m'mahotela ndi m'mafakitale, kumene mwini malo amangoitana aganyu usiku n'kuwapatsa kangachepe. Kumeneko kulibe khonsolo, kulibe kaundula. Ena ayesa kutseka mpata umenewu. Ku IIT Madras, gulu lotsogozedwa ndi Prabhu Rajagopal linapanga makina otchedwa HomoSEP opangidwira matanki otere, ndipo mu 2019 boma la Delhi linatulutsa magalimoto 200 otsukira suweji, ena mwa iwo n'kuperekedwa kwa mabanja a amene anafera pa ntchitoyi. Komanso loboti imadula, imafuna wokonza ikawonongeka, ndipo khonsolo ikhoza kugula imodzi, kuijambulitsa ndi meya, n'kuitsekera m'nyumba yosungira katundu. Mzinda wa maenje masauzande ambiri sungatsukidwe ndi maloboti awiri.

Manambala a boma lenilenilo akuchitira umboni. Mu 2023 nyumba ya malamulo inauzidwa kuti anthu oposa 300 anafera m'masuweji ndi m'matanki kuyambira 2018, chaka chomwe Bandicoot inayamba ntchito, ndipo chaka choipitsitsa chinali 2019 pamene anafa oposa 100. A bungwe la Wilson akhala akunena kuti manambala a boma ndi ochepa kuyerekeza ndi amene iwo amawerenga. Sindikunena izi pofuna kuchepetsa ntchito ya Vimal. Dzenje lililonse limene loboti yatsikamo ndi dzenje limene bambo wina sanatsikemo tsiku limenelo, ndipo ana ake anamuona madzulo. Pa mainjiniya masauzande amene India imatulutsa chaka ndi chaka, ambiri maso awo ali ku Bengaluru ndi ku America. Anyamata anayiwa anayang'ana pansi pa msewu, pamalo pamene anthu ophunzira amadutsa atatseka mphuno.

Mu Okutobala 2023 khothi lalikulu linakweza chipukuta misozi chija kufika pa ma rupee 3 miliyoni. Pa 29 Januwale 2025 khothi lomwelo linaletseratu kutsitsa munthu m'suweji m'mizinda isanu ndi umodzi ikuluikulu: Delhi, Mumbai, Kolkata, Chennai, Bengaluru ndi Hyderabad. Patapita masiku anayi, pa 2 Febuluwale, amuna atatu anafera m'dzenje la suweji pa malo a mafakitale a zikopa kunja kwa Kolkata.